Kashembe wamuluma kapena kamuluma?

Mayi wina wokhala kufupi ndi mtsinje wa Bua ku Nkhotakota wafunsa kuti: "Mwana wanga walumidwa masana ndi kachilombo kotuwa kofanana ndi ntchentche, ndipo pamalopo patupa. Apongozi akuti ndi kashembe. Kodi timati kashembe wamuluma kapena kamuluma? Nanga kuchipatala ndikalongosole bwanji?"

Mayi, timati kashembe wamuluma. Si dzina lililonse loyamba ndi ka- limene lili la kanthu kochepa. Kashembe ali m'gulu limodzi ndi kalulu, kadzidzi ndi kangaude, n'chifukwa chake timati kalulu wathawa, akalulu athawa, ndiponso kashembe waluma, akashembe aluma. Koma kachilombo ndi chilombo chochepetsedwa, choncho timati kachilombo kamuluma, tizilombo tamuluma.

Kuchipatala musakangoti "kachilombo" n'kukhala chete. Mawuwa ndi otambalala kwambiri, ndipo masiku ano ena akamva "ali ndi kachilombo" amaganiza za HIV. Kanenetseni zinthu izi: kouluka kapena kokwawa, kamuluma masana kapena usiku, anali kuti, ndipo papita masiku angati.

Apongozi anuwo mwina alondola, koma tsimikizani ndi maonekedwe. Ntchentche ya m'nyumba siluma, imangonyambita. Kashembe akatera, mapiko ake amasanjikizana, lina pamwamba pa linzake, ngati sizasi yotseka, ndipo kumutu kuli kamlomo kosongoka koloza kutsogolo. Amaluma masana, wamkazi ndi wamwamuna yemwe, ululu wake umamveka nthawi yomweyo, ndipo nsalu yopyapyala amaiboola. Amakopeka ndi mtundu wakuda ndi wa buluu, n'chifukwa chake nsalu zomukolera zimakhala za mitundu imeneyi. M'nkhalango ya Nkhotakota ndi m'malire mwake alimo, monganso ku Kasungu ndi ku Vwaza.

Mayina ena anthu amawasokonezanso. Nsikidzi zimaluma usiku, zimasiya totupa tondondozana ndi timadontho takuda pamphasa kapena m'mphepete mwa matiresi. Nthata zimadumpha ndipo zimakonda m'miyendo. Nkhupakupa imakakamira pakhungu. Nkhungu za kunyanja zija siziluma n'komwe, ngakhale zimabwera ngati utsi.

Pamene ndikufuna mumvetsetse ndi pa dzina la matenda amene kashembe amafalitsa, kaodzera. Dzinali lachokera ku mneni kuodzera, ndipo limatchula chizindikiro chimene chimabwera mochedwa, tizilombo toyambitsa matendawa titalowa kale mu ubongo. Amene amadikira kuti aone mwana akuodzera masana ndiye apite naye kuchipatala, amakhala atachedwa. Mtundu wa kaodzera wopezeka kuno kwathu ndi wofulumira: umakula m'masabata kapena miyezi yochepa, ndipo ukapanda kuchizidwa umapha.

Zizindikiro zoyamba zimaoneka pakapita sabata imodzi mpaka masabata 3. Pamalo polumidwapo pangatuluke chotupa chofiira, chopweteka, chimene nthawi zina chimasanduka chilonda. Kenako thupi limatentha, mutu umawawa, m'mfundo mumaphwanya, ndipo anabere amatupa. Zonsezi zimafanana ndi malungo, ndiye vuto limayambira pomwepa. Munthu amangoti "ndili ndi malungo", namwa mankhwala a malungo a LA, osachira, namwanso. Pa Chichewa mawu oti malungo timawagwiritsa ntchito pa kutentha thupi kulikonse, koma adokotala akamva malungo amaganiza za matenda a udzudzu okha. Ndi bwino kunena kuti "thupi likutentha, ndipo analumidwa ndi kashembe kufupi ndi nkhalango tsiku lakutilakuti". Chiganizo chimenechi chimachititsa kuti ayeze magazi pofunafuna tizilombo ta kaodzera, osati ta malungo tokha.

Akashembe ambiri alibe tizilomboti, choncho musataye mtima. Tsukani pamalopo ndi sopo, mwana asakande, ndipo lembani tsiku limene walumidwa. Thupi likangotentha, kapena chotupacho chikamakula m'malo mophwa, pitani naye kuchipatala cha boma tsiku lomwelo. Ngati kachilomboko munakapha, kaikeni m'kabotolo mukaonetse adokotala.