Kodi nyimbo zotuluka woimba atamwalira zingakhale zimene iye ankafuna?

Mmodzi mwa owerenga wanditumizira imelo yofotokoza kuti achimwene ake, omwe anali oimba, anamwalira atasiya nyimbo zingapo mu kompyuta ya ku situdiyo, zina zomalizidwa ndipo zina zongoyambidwa. Achibale agawanika: ena akufuna chimbale chituluke kuti dzina la malemu lisaiwalike, pomwe ena akuti kutero n'kumuyankhulira munthu amene sangathenso kuvomera kapena kukana. Funso lake ndi lakuti, kodi nyimbo zotuluka mwiniwake atatsikira kulichete zingalemekezedi zofuna zake?

Pepani kwambiri ndi zovutazi, achemwali. Yankho langa ndi lakuti n'zotheka, koma osati pa nyimbo iliyonse, chifukwa zimadalira pomwe imfa inaipeza nyimboyo komanso ngati otsala ali okonzeka kunena zoona za zimene manja awo awonjezera.

Freddie Mercury wa gulu la Queen anamwalira pa 24 Novembala 1991, koma miyezi ingapo izi zisanachitike, akudziwa bwino kuti masiku ake atha, ankapita ku situdiyo ya gululo mumzinda wa Montreux ku Switzerland kukajambula mawu ake nthawi iliyonse imene thupi lamulola. Anauza anzake kuti azimulembera zoti aimbe, ndipo iwo adzamalize zotsalazo iye atapita. Chimbale cha Made in Heaven chitatuluka mu 1995, panalibe chifukwa chofunsira ngati iye akanalola, popeza chilolezocho anachipereka ndi pakamwa pake. Chimene chimandigwira mtima kwambiri ndi zomwe anachita pa nyimbo ya Mother Love, yomwe Mercury sanathe kuimaliza chifukwa cha kufooka. Anzakewo sanafune munthu womutsanzira kuti abise mpatawo. Ndime yomaliza anaimba Brian May ndi mawu akeake, moti womvera amadziwa pomwe malemu analekezera ndi pomwe mnzake anayambira.

Oimba ambiri sakhala ndi mwayi wotsanzika chotere. Tupac Shakur anawomberedwa ku Las Vegas n'kumwalira pa 13 Sepitembala 1996, ndipo chimbale chomwe chinatuluka patatha miyezi iwiri pansi pa dzina lakuti Makaveli chinali choti iye anali atachijambula kale ndi cholinga choti chituluke. Pamenepo ine ndilibe nawo mlandu amene anachitulutsa. Koma zimbale zinapitirira kutuluka chaka ndi chaka, mpaka mu 2004 pomwe woimba wina, Eminem, ndi chilolezo cha mayi a malemu, Afeni Shakur, anakonza chimbale cha Loyal to the Game. Iye anasintha liwiro la mawu a Tupac kuti agwirizane ndi zida zatsopano, ndiponso anaduladula mawuwo kuti zimveke ngati malemu akutchula mayina a oimba omwe anatchuka iye ali kale m'manda. Mayiwo ankamukonda mwana wawo, ndipo palibe angatsutse zimenezo, koma chilolezo cha banja ndi chifuniro cha woimba ndi zinthu ziwiri zosiyana, ndipo nkhaniyi ikuonetsa kuti chikondi pachokha sichimuteteza womwalira.

Za Michael Jackson zinafika poipa kuposa apa. Atamwalira mu Juni 2009, chimbale chotchedwa Michael chinatuluka kumapeto kwa 2010, ndipo ena mwa achibale ake pamodzi ndi omutsatira ambiri anakayikira ngati mawu a m'nyimbo zitatu za m'menemo analidi ake. Mkanganowo unafika ku khoti, ndipo mu 2022 kampani ya Sony ndi oyang'anira chuma chamasiye anachotsa nyimbo zitatuzo pa intaneti, ngakhale sanavomere kuti zinali zachinyengo. Pa chimbale cha Xscape cha 2014 anachita mwanzeruko, chifukwa pambali pa nyimbo zokonzedwanso anaikaponso zoyambirira monga mmene iye anazisiyira, kuti womvera adziweruzire yekha.

Komabe nkhani imene imandivuta kwambiri, ndipo ndikuona kuti ndi imene ikufanana ndi yanu, ndi ya Prince. Munthuyu analimbana ndi kampani ya Warner Bros. m'zaka za m'ma 1990 pofuna kuti akhale ndi ulamuliro pa nyimbo zake, mpaka ankadzilemba pa tsaya mawu otanthauza kapolo. Atamwalira mu Epulo 2016 zinapezeka kuti sanasiye wilo, koma anasiya chipinda chodzaza ndi nyimbo zosatulutsidwa kunyumba kwake ku Paisley Park. Chimbale cha Welcome 2 America anachijambula mu 2010, n'kuchiika pambali, ndipo anakhala zaka zina 6 akutulutsa zimbale zina osachibwerera. Oyang'anira chuma chake anachitulutsa mu 2021. Ena amati popeza sanachifufute, ndiye kuti ankafuna kuti tsiku lina chidzamveke. Ine maganizo amenewa sandikhutiritsa. Woumba mbiya amasunga ngakhale zimene zinang'aluka pootcha, koma kusunga sikutanthauza kuti akufuna zipite kumsika. Gawo lalikulu la luso la woimba lili pa kukana, pa kumvera nyimbo yake n'kunena kuti iyi ayi, ndipo mphamvu yokanayi ndi imene imfa imamulanda poyamba. N'chifukwa chake nyimbo yomalizidwa imene mwiniwake anaisiya dala kwa zaka zambiri imandidetsa nkhawa kuposa nyimbo yosamalizidwa imene ankaigwirira ntchito sabata yomwe anadwala. Yachiwiriyi inadulidwa ndi imfa, pomwe yoyambayo mwina inakanidwa ndi mwiniwake.

Kwathu kuno tinaona njira ina imene ambiri saiganizira. Evison Matafale atamwalira mu Novembala 2001 atatulutsa Kuimba 1 ndi Kuimba 2, gulu la Black Missionaries la ku Chileka linapitiriza mndandanda wa Kuimba ndi mawu awoawo komanso pansi pa dzina la gululo. Uthenga ndi kaimbidwe zinapitirira popanda kunamiza anthu kuti malemu akadaimba. Ngati pakati pa nyimbo za achimwene anu pali zimene zili ndi mawu olembedwa koma osajambulidwa bwino, kulola anzawo oimba nawo kuti aziimbe, n'kulemba poyera kuti wopeka ndi malemu, n'kolemekeza kwambiri kusiyana ndi kusoka tizidutswa ta mawu awo mpaka titamveka ngati nyimbo yathunthu.

Nkhani ya ndalama musaiope kuitchula pa msonkhano wa banja. Ngati malemu anasiya ana ofunika sukulu ndi chakudya, kufuna kuti ntchito ya bambo awo iwathandize si chinthu chochititsa manyazi, ndipo ufulu wa mwini nyimbo suthera pa tsiku la maliro, n'chifukwa chake n'koyenera kukaonana ndi bungwe la COSOMA, lomwe limateteza ufulu wa eni nyimbo, kuti mudziwe zimene zinalembetsedwa komanso amene ayenera kulandira phindu. Chimene ndimadana nacho ndi kuveka chifukwa cha ndalama chovala cha chifuniro cha malemu. Banja likanena kuti tikutulutsa nyimbozi kuti ana apeze thandizo, likunena zoona ndipo anthu adzamvetsa. Koma likanena kuti izi ndi zimene iye ankafuna pomwe palibe amene anamumva akutero, likumuika m'kamwa mawu omwe sananene, chinthu chimene mwambo wathu womwe suloleza pa nkhani za munda kapena nyumba ya womwalira.

Choncho musanagwirizane chilichonse, khalani pansi ndi amene ankawajambula nyimbo, chifukwa kawirikawiri iyeyo amadziwa zambiri kuposa achibale. Mufunseni kuti ndi nyimbo ziti zimene achimwene anu anazimvera n'kunena kuti zatha, ndi ziti zimene ankaimba kale pa zoimbaimba kapena kumveretsa anzawo, ndiponso ndi ziti zimene anazisiya kalekale osazitchulanso. Masiku amene kompyuta imasunga pa fayilo iliyonse angakuthandizeni kusiyanitsa ntchito ya miyezi yomaliza ndi ya zaka zakale. Zomalizidwazo zituluke monga anazisiyira, osasintha zida kuti zifanane ndi zomwe zili m'fasho lero. Zosamalizidwa zimene ankazigwirira ntchito zikhoza kumalizidwa ndi anthu omwe ankaimba nawo, bola pachikuto palembedwe momveka kuti wawonjezera chakuti ndi uje. Ndipo ngati wina angabwere ndi nzeru yoti makina a AI atsanzire mawu a malemu kuti adzaze ndime zosowa, mukane, chifukwa kuyeretsa mawu omwe munthu anaimbadi, monga anachitira a gulu la Beatles ndi mawu a mnzawo malemu John Lennon pa nyimbo ya 2023, n'kosiyana kotheratu ndi kumupangira mawu omwe sanatulukepo pakhosi pake.

Nyimbo zimene achimwene anu anaziika pambali okha zisafufutidwe, koma zikopedwe n'kusungidwa ndi banja, ndipo pakhale pangano lolembedwa ndi mwini situdiyo loti palibe imene idzatuluke, ngakhale pa WhatsApp, popanda siginecha ya amene banja lamusankha kuyang'anira ntchitoyi.