Yankho kwa azakhali pa za kukwera mwala

Azakhali, mwaswera bwanji? Ndamva funso lanu lija, loti kodi kukwera mwala popanda chingwe si kuziputa dala. Ndati ndingojambula mawu, kulemba kutalika.

Mtima ukhale m'malo, sitilowera m'mwamba ayi. Pamwala timapita paja timayenda chopingasa, kuchoka kumanzere mpaka kukafika kumanja, mapazi ali mwina theka la mita kuchoka pansi. Amati traverse, mbali imodzi ya masewera a bouldering, okwera miyala ifupiifupi. Ukatopa umangotsitsa phazi, waponda pansi.

Komabe ndisakunamizeni kuti ngozi palibe. Amene amavulala kawirikawiri ndi akakolo, munthu akagwa n'kupondera pa kamwala kapena m'mphepete mwa matiresi. Timanyamula matiresi okhuthala, opinda pakati, ndiye poti wokwerayo akusuntha, mnzake amawakoka kumutsatira. Wina amaima kumbuyo manja ali chire. Ntchito yake si kukuwakha, koma ukamagwa akuwongolere pa matiresi, mutu usagunde mwala. Awiriwa akasowa, ine sindikwera.

Tsono chimene chinandikoka mtima, azakhali, n'chakuti si mphamvu za manja zimene zimakufikitsa kumapeto. Tsiku loyamba ndinkakakamira mwala zigongono zili chipindire. Ndisanafike n'pakati pomwe mikono inauma gwa, zala n'kumasuka zokha. Mnzanga ndiye anandiuza kuti wongola mikono, tsitsa chiuno, thupi lisenzedwe ndi miyendo. Umaponda ndi nsonga ya chala chachikulu, maso ali pomwe ukuikapo phazi mpaka litakhazikika, ndiye chifukwa chake nsapato zake zimakhala zothina, za labala wogwira mwala. Pali malo amodzi pamene pogwira patalikirana, mpaka mwendo wamanzere udutse kutsogolo kwa wamanja. Ndinagwa pamenepo masabata atatu. Tsiku limene ndinadutsa sindinawonjezere mphamvu, ndinangosuntha phazi pang'ono n'kukumbukira kupuma mpweya. Eee, ndinasangalala zedi.

Zoyera munaziona m'manja mwanga pachithunzi chija ndi choko choumitsa thukuta, magnesium carbonate. John Gill wa ku America ndi amene anachibweretsa m'masewerawa m'zaka za m'ma 1950, atachitengera ku masewera olimbitsa thupi a gymnastics. Tikamaliza timachichotsa pamwala ndi burashi, kuti tisasiye malo atathimbirira.

Mvula ikagwa sitipita. Mwala wonyowa umaterera, ndipo miyala ina, monga yamchenga imene amati sandstone, imafewa moti pogwira pamatha kubenthuka. Sindikweranso masiku otsatizana, chifukwa mitsempha ya m'zala imachedwa kukhwima kusiyana ndi minofu, ukafulumira umaivulaza.

Ngati mukufuna kudzionera nokha, tsiku lina kukacha bwino ndidzakutengeni. Mudzakhala pamthunzi, muone mmene timakokera matiresi aja ndi pamene ndinkagwa paja.