Chithunzi chikuoneka mwachimbuuzi mu animation: vuto lili pati?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa achemwali ena a ku Ndirande. Akupangira sitolo ina ya nsapato ku Limbe kachithunzi koyenda kotsatsa malonda pa webusaiti, ndipo akugwiritsa ntchito pulogalamu ya Adobe Animate. Akuti zilembo ndi mizere imene ajambula okha zikuoneka bwinobwino, koma chithunzi cha nsapato ndi logo ya sitoloyo zikuoneka mwachimbuuzi, makamaka pa foni. Akufunsa kuti adine pati.

Achemwali, tisanafike pa zodinazo, chithunzicho chinakupezani bwanji? Ine ndikuganiza kuti eni sitolo anakutumizirani pa WhatsApp, monga timachitira tonse mu Blantyre muno. WhatsApp imafinya chithunzi kuti chisadye data yambiri, ndipo zimene yataya sizibwereranso. Apempheni atumizenso ngati Document, kapena pitani nokha ku Limbe ndi flash mukatenge chenichenicho.

Mizere imene mwajambula mu Animate ndi vector. Kompyuta imasunga malangizo okha, akuti mzere uyambire apa, ukhote chonchi, uthere apo. Mukaukulitsa, imangowerengeranso n'kuujambula mwatsopano, n'chifukwa chake subalalika. Chithunzi cha kamera ndi bitmap, timabokosi ta mitundu totchedwa ma pixel, ndipo chiwerengero chake chinatha kale pamene chinkajambulidwa. Kukulitsa bitmap kuli ngati kuthira madzi mu thobwa la anthu 5 kuti likwanire anthu 20. Makapu adzaza ndithu, koma aliyense amva kuti ndi madzi.

Ndiye werengani musanalowetse chithunzi. Tinene kuti nsapato ija ikuyamba ndi ma pixel 600 m'lifupi, kenako ikukula mpaka 900 pamene ikuyandikira woonera. Nambala yofunika ndi 900 imeneyo. Koma mafoni ambiri a masiku ano amaika ma pixel enieni 2 kapena 3 m'lifupi pamene webusaiti ikuwerenga 1, ndipo ndi chifukwa chake vutolo mukuliona kwambiri pa foni kusiyana ndi pa laputopu. Choncho konzani chithunzi cha 1800 (900 kuchulukitsa ndi 2), muchilowetse, ndipo mu Animate muzingochichepetsa. Musapitirirenso muyeso polowetsa chithunzi chonse cha 4000 chochokera mu kamera. Munthu wa ku Bangwe amene wagula bandulo yaing'ono ya TNM kapena Airtel sadikira kuti chitseguke. Chiduleni kaye mu Photoshop, kapena mu GIMP amene ndi waulere.

Logo ndi nkhani ina, ndipo apa ndikukakamizani ndithu: isakhale bitmap n'komwe. Funsani amene anaipanga akupatseni ya vector, fayilo ya SVG kapena ya AI (Adobe Illustrator). Ngati anasowa, ijambuleninso nokha ndi Pen tool. Zingakudyereni madzulo amodzi, koma ikatero idzaoneka bwino pa foni ngakhalenso pa chikwangwani cha mu Masauko Chipembere Highway. Trace Bitmap, imene imasandutsa bitmap kukhala vector ndipo ili mu Animate komanso mu pulogalamu ya Inkscape, imathandiza pa logo ya mitundu iwiri kapena itatu. Pa chithunzi cha kamera musaiyese, imatulutsa zigamba zokhazokha ndipo fayilo imalemera.

Tsopano zodina zija. Pamene chithunzi chaima, onani X ndi Y, nambala zosonyeza malo amene chili, mu Properties. Zikhale nambala zathunthu monga 120, osati 120.4, chifukwa chithunzi chikakhala pakati pa ma pixel awiri browser imasakaniza mitundu ya m'mphepete. Mu Publish Settings za HTML5 Canvas, mtundu wa fayilo ya Animate yoika pa webusaiti, muli posankha mtundu wa zithunzi. PNG ndi ya chilichonse chokhala ndi zilembo, m'mphepete mowongoka kapena malo oonekera. JPEG ndi ya zithunzi za kamera, ndipo ine ndimayambira pa quality 80 n'kumakweza ndikaona timadontho. Dziwaninso kuti JPEG imataya kanthu nthawi iliyonse imene mwaisunganso, choncho sungani choyambiriracho padera.

Mukafufuza pa intaneti mupeza malangizo ambiri onena za "Allow smoothing". Ambiri mwa iwo analembedwa pulogalamuyi ikadali Flash, isanasinthe dzina mu 2016, ndipo Flash Player, yoonetsera zinthu za Flash pa webusaiti, inatha pa 31 December 2020. Smoothing imachotsa mano a m'mphepete chithunzi chikamazungulira kapena kukula, koma siibweza zimene chithunzi chilibe.

Mukamaliza, musaweruze pa kompyuta yanu yokha. Tsegulani pa foni yanu, mubwerekenso foni yotchipa ya mnansi muone. Ngati logo ikadali mwachimbuuzi, nditumizireni fayilo yake ngati Document tiione limodzi.