Tizilombo towala tikakumana ndi poizoni: mayankho a mlangizi

Mlimi wina wa mthirira wafunsa kuti: "Alangizi, ndamva kuti kuli tizilombo toulula poizoni m'madzi. Ndi zoona? Nanga ndingatithire pachitsime changa?"

Ndi zoona, bambo, koma pachitsime ayi. Mabakiteriya ena ali ndi chibadwa chozindikira poizoni monga aseniki (wopezeka m'miyala ndi m'madzi apansi) kapena mekyule (chitsulo chamadzimadzi) kuti adziteteze. Asayansi amatenga chibadwa chimenechi n'kuchilumikiza ndi cha mabakiteriya a m'nyanja otchedwa Vibrio fischeri, omwe amawala ngati ziphaniphani. Ndiye poizoni akalowa m'kachilomboko, kamayamba kuwala, ndipo akachuluka kuwalako kumakulanso. Kuwala kwake n'kochepa moti amakuyeza ndi kamakina.

Zimenezi sizinayambe lero. Mu 1996 boma la America linalola kuti mtundu wa mabakiteriya otere wotchedwa HK44, womwe umawala ukapeza zotsalira za mafuta, uyesedwe m'dothi ku Oak Ridge. Chipangizo china, ARSOlux, chinayesedwa pa mijigo ya ku Bangladesh, komwe aseniki wadwalitsa anthu ambiri. Mabakiteriya ake amakhala ouma m'timabotolo totsekedwa. Woyeza amabayiramo madzi pang'ono n'kudikira maola ochepa, akatha amawapha. Sawataya panja, chifukwa zamoyo zosinthidwa chibadwa zili ndi malamulo ake, kuphatikizapo pangano la mayiko la Cartagena la mu 2000.

Chomwe ine chimandikopa n'chakuti tizilomboti timayeza poizoni amene chamoyo chingathe kuyamwa. Ku labotale amakuuzani yense amene ali m'dothi, ngakhale womatirira pa dongo yemwe mizu singamutenge. Kwa mlimi kusiyana kumeneku n'kwakukulu.

Mayi wina wafunsanso: "Tikapanda kuwala, ndiye kuti madzi ali bwino?"

Apa mpofunika kusamala, mayi. Tizilomboti n'tamoyo. Kutentha kwambiri kumatifooketsa, ndipo madzi akakhala ndi mankhwala ena amphamvu timafa tisanawale n'komwe, inu n'kumati zonse zili bwino. Komanso kalikonse kamadziwa poizoni wake yekha. Ka aseniki sikangakuuzeni za mankhwala ophera tizirombo amene akokolokera mumtsinje kuchokera m'minda.

Ndipo kuwala sikuchotsa poizoni. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limati aseniki asapitirire mamaikulogalamu 10 pa lita imodzi ya madzi akumwa (maikulogalamu ndi gawo limodzi mwa magawo miliyoni a galamu). Mukakayika ndi madzi anu, lekani kumwa, kumwetsa ziweto ndi kuthirira ndiwo zamasamba, tungani pang'ono m'botolo loyera mukayezetse ku labotale. Musawawiritse poganiza kuti aseniki atha, chifukwa madzi akamaphwera pamoto iyeyo amatsalira momwemo.