Za safety valve mwafunsazi, achimwene

Achimwene, mwafunsa kuti mkulu uja wa pa wailesi amatanthauzanji ponena kuti zionetsero ndi safety valve ya dziko. Mawuwo eni ake ndi amisiri a makina a nthunzi, andale anangobwereka.

Ngati kwanu kuli pressure cooker, mwakaona kale. Kachitsulo kaja kamavinavina pamwamba pa chivindikiro n'kumalira tsiii nyemba zili pamoto, ndiye safety valve yake imeneyo, kapena kuti valavu. Anakayambitsa ndi Denis Papin, Mfalansa wina amene ankakhala ku London, mu 1679. Anapanga mphika wachitsulo wotsekeka kuti gwa, wofewetsera mafupa. Poopa kuti umuphulikira, anaboola kabowo pamwamba n'kuvindikirapo kachotsekera kopsinjidwa ndi ndodo, kunsonga kwa ndodoyo n'kukolekako chitsulo cholemera. Nthunzi ikachuluka imanyamula kachotsekerako, ina n'kutuluka, kenako kamadzitsekanso kokha.

Chovuta chinali anthu. Oyendetsa injini anazindikira msanga kuti ukawonjezera cholemera pa ndodo ija, makina amakoka mwamphamvu, ndiye ena ankakolekapo zitsulo zina, ena kumangirira kumene. Pa 17 Juni 1831 ku South Carolina, ku America, munthu wosonkhezera moto pa sitima yapamtunda yotchedwa Best Friend of Charleston anatopa ndi kulira kwa valavu, n'kuipanikiza kuti ikhale chete. Inakhaladi chete kanthawi. Boyila, thanki yowiritsira madzi a injini, inaphulika, wosonkhezera motoyo anafa nayo ngoziyo.

Richard Trevithick wa ku Cornwall anali ataziona kale zimenezi. Boyila ya injini yake ina itaphulika ku Greenwich mu 1803 n'kupha anthu 4, anayamba kuika mavalavu awiri, ina yoti woyendetsa asathe kuikhudza. Anawonjezanso kachidutswa ka mtovu m'boyilamo, koti madzi akaphwa kasungunuke, nthunzi ithawire pamenepo. Amene ndimamugomera ine ndi John Ramsbottom, wa njanji za ku England, m'zaka za m'ma 1850. Valavu yake inali ya sipuling'i imodzi pakati pa zotsekera ziwiri, yoti woyendetsa akagwira chogwirira chake, kaya akoke kaya akankhe, angathe kungotsegula basi. Kulimbitsa ayi. Anadziwa kuti munthu wofulumira kukafika sumupatsa mphamvu zotseka pakamwa pa boyila.

Tsono za wanthu. Kwathu kuno mavalavu otere tinali nawo kalekale, sitinkangowatchula choncho. Ndikukumbukira mayi anga aang'ono ali pamtondo, munsi ukutsika, akuimba za bambo amene ndalama za fodya zimathera ku mowa. Bambowo ali pakhonde pomwepo akusema mpini, akumva bwinobwino, koma sangadzuke kukakalipa, poti ndi nyimbo chabe. Apongozi ovuta, mkazi mnzako wa pamitala, onse ankalandira zawo pamtondo. Chimodzimodzi asuweni: amanyozana mawu oti atakunenera wina mukathera kwa amfumu.

Max Gluckman, katswiri wa za chikhalidwe cha anthu amene anatsogolerapo bungwe la kafukufuku la Rhodes-Livingstone Institute dziko la Zambia likadali Northern Rhodesia, analemba za miyambo ya Azulu ndi Aswazi yolola akazi kuchita zachimuna kapena anthu kuimbira mfumu nyimbo zachidani pa masiku oikika. Mfundo yake inali yoti miyambo yotereyi siigwetsa ufumu, imaulimbitsa. Apa ndi pamene ndikufuna mutchere khutu, chifukwa mkulu wa pa wailesi uja mwina mwamumva ngati woikira kumbuyo anthu wamba. Valavu ntchito yake ndi kupulumutsa boyila ndi mwini fakitale. Madzi ali m'katimo amawirabe, moto pansi ukuyakabe. Mayi anga aang'ono aja ankamaliza kusinja mtima utapepukako, koma chaka chamawa ndalama za fodya zinkapitanso komwe kuja. Munthu akamati "asiyeni ayende pamsewu, atopa okha", akuyankhula ngati mwini boyila. Wosonkhezera moto wodziwa ntchito akamva valavu ikulira mosalekeza amachepetsa malasha, sangoti ayi ikugwira bwino ntchito.

Komabe sindikunena kuti bola kuimangirira, iyayi. Zimenezo tinaziyesa kale. M'nthawi ya chipani chimodzi munthu ankayang'ana kaye uku ndi uku asanadandaule ngakhale za mtengo wa chimanga, ndipo akumwamba ankamva zii, n'kumati kuli bata. Pa 8 Malichi 1992 kalata ya maepiskopi inawerengedwa m'matchalitchi a Katolika, yonena poyera zimene aliyense ankanong'onera m'nyumba. Boma linathamangira kuiletsa. Mu Meyi ogwira ntchito ku fakitale ya nsalu ya David Whitehead ananyanyala, sitalaka inafalikira mu Blantyre ndi Limbe, masitolo anaswedwa, apolisi anaombera anthu ambiri n'kuwapha. Pa 14 Juni 1993 tinali pamzere wa riferendamu.