Mawaipa akulira ngati mbewa, nditani?

FUNSO: Zikomo amakanika. Ine ndimayendetsa ka Sienta pakati pa Ngabu ndi Blantyre, ndiye mvula yoyamba ija itagwa ndinayatsa mawaipa koma eee phokoso lake, kwiii kwiii ngati mbewa yapanidwa pa diwa, nthawi zina amangodumphadumpha osapukuta bwino. Tsiku lina pokwera mapiri titadutsa pa Thabwa kunali chifunga ndi kamvula kowaza, ndinachita kutulutsa mutu pawindo kuti ndione msewu, mapasenjala mpaka kuyamba kupemphera. Mawaipawa ndinagula chaka chatha chomwechi. Mnzanga wina pa siteji akuti ndipake girisi kapena Vaseline, kodi nzoona?

Dalaivala wa ku Ngabu

YANKHO: Achimwene, girisiyo musayerekeze. Phokoso litha inde kwa tsiku limodzi, koma mafutawo amwazika galasi lonse ndiye usiku mukakumana ndi thiraki itayatsa magetsi mungoona mbuu, msewu osauona, komanso mafuta otere amaononga labala. Pamakona a pamapiri aja si poyeserapo mwayi muli ndi anthu m'galimoto.

Musathamangire kugula atsopano kaye. Kwathu kuchigwa kuno chimapha mawaipa si mvula ayi, ndi dzuwa. Kuyambira Meyi mpaka Okutobala amangogona pagalasi osagwira ntchito, kutentha kwa Okutobala kuja kofika madigiri 40 galasi limachita kuotcha dzanja, labala nkuuma gwa, pamwamba pake fumbi, phulusa la nzimbe zootchedwa mukamadutsa ku Nchalo, ndi tizilombo tija timaphulikira pagalasi madzulo pafupi ndi Shire. Zonsezi zimamatirira. China chomwe ambiri sachiganizira ndi madzi a pamjigo, malo ambiri ku Chikwawa ndi Nsanje madzi ake ndi amchere, mukatsukira galimoto nkuuma padzuwa amasiya timadontho toyera tokhakhala, ndiye waipa ikamadutsa pamenepo ilekerenji kulira.

Yambani ndi galasi. Litsukeni m'mawa lisanatenthe, ndi madzi ambiri kuti mchenga uyambe wachoka, kenako sakanizani viniga ndi madzi mulingo wofanana, pukutani ndi kansalu kofewa mpaka chala chizitsetsereka osakodwa. Viniga ndi amene amasungunula zamchere zija. Mukatero dzutsani waipa, nyowetsani kansalu ndi sipiriti wa pepo uja wa m'mashopu nkukoka m'mphepete mwa labala kuchokera uku kukafika uko. Mudabwa kuda kwake kansaluko. Bwerezani kangapo, kenako yendetsani chala pang'onopang'ono pampeni pa labalapo. Ngati mukumva ming'alu, kapena pena pathothoka, kapena yauma ngati chikopa cha ng'ombe, basi yatha imeneyo. Chaka chimodzi kuno ndi moyo wonse wa waipa, musadandaule kuti anakuberani.

Kudumphadumpha mwanenako kuli ndi chifukwa chinanso. Labala imayenera kuima chilili pagalasi, izipendekera uku popita nkutembenukira uko pobwera. Mkono wachitsulo uja ukapindika pang'ono, mwina anyamata otsuka galimoto anaukoka mwamphamvu, labala imakana kutembenuka nkumakankhidwa chamutu. Zimitsani kiyi waipa ili pakati pagalasi muione bwino. Ngati yapendekera mbali imodzi, kulungani kansalu pamkonowo, gwirani ndi masipana awiri a shifiting'i nkupotoza pang'ono pokha, yesani, onjezeraninso. Mukapotoza kwambiri mugula mkono wina.

Ndipo chonde lekani kuyatsa mawaipa pagalasi louma pofuna kuchotsa fumbi, ndimaona madalaivala ambiri akuchita zimenezi pa Dyeratu ndipo mtima umandipweteka, chifukwa kumeneko nkupala galasi ndi mchenga ndipo mizere yake sichoka. Kabotolo ka madzi kamuboneti kazikhala kodzaza, madzi amvula ndiye abwino, ndi timadontho tiwiri titatu ta sopo wamadzi wotsukira mbale. Sopo waufa ayi, amatseka timabowo topopera madzi pagalasi. Tikatsekeka tokosani ndi singano. Poimika galimoto masana funani mthunzi, ukasowa yalani katoni pagalasi.

Pokagula atsopano tengani akalewo m'manja, chifukwa wa mbali ya dalaivala ndi wautali kuposa winayo ndipo timahuku tokolera timasiyana malinga ndi galimoto. Pochotsa yalani thaulo pagalasi, mkono wopanda labala ukaphonyoka umamenya galasi ndi mphamvu ya sipuling'i mpaka kuling'alula.

Mukachita zonsezi koma phokoso lilipobe, dzutsani mawaipa onse awiri asakhudze galasi nkuyatsa. Likamvekabe ndiye kuti likuchokera pansi pa pulasitiki yakuda ija kumunsi kwa galasi, mabushi a zitsulo zokankha mawaipa auma kapena adyeka. Kumeneko ndiye kofunika girisi wa mnzanu uja, pitani nayo kugalaja akatsegule mvula isanalimbe.