Mawu Olembera Bala Losaoneka ndi Maso

Funso: Ine ndine namwino, ndipo ndimatsogolera kagulu ka asilikali opuma pantchito, ozimitsa moto ndi oyendetsa ambulansi, amene amakumana kuti alembe papepala zoopsa zimene anaziona pantchito. Kodi mawu a Chingerezi akuti trauma tiziwatchula bwanji m'Chichewa, popeza ena mwa iwo amakhumudwa poganiza kuti tikuwanena kuti ndi amisala?

Yankho: Mayi, mwachita bwino kufunsa musanazolowere mawu olakwika, chifukwa mawu akuti misala ndi oyenera kuwapeweratu pa nkhani imeneyi. Munthu amene amadzidzimuka akamva chitseko chikumenyetseka, amene amalota maloto oopsa kapena kulambalala msewu umene anatolapo mitembo, mutu wake umagwira bwinobwino. Chimene chavulala ndi mtima. Mawu akuti trauma anachokera ku Chigiriki, kumene amatanthauza bala, choncho ine ndimakonda kunena kuti bala la mumtima, kapena kuvulala m'maganizo. Mawu akuti nkhawa ndi opepuka kwambiri, pakuti nkhawa imagwira ngakhale mwana amene akudikira mayeso. Mantha nawonso sakwanira, ndiponso msilikali sangalole msanga kuti amutchule wamantha. Koma bala aliyense amalidziwa: limapweteka, limatukusira likabisidwa, limapola likasamalidwa, ndipo limasiya chipsera chimene sichichititsa manyazi.

Musadabwe kuti dzina lake likuvuta, chifukwa ngakhale eni Chingerezi anavutika nalo. Pa Nkhondo Yoyamba ya Dziko Lonse vutoli ankalitcha shell shock, poganiza kuti limabwera ndi kuphulika kwa mabomba, ndipo dzina lakuti PTSD (chidule cha post-traumatic stress disorder, kutanthauza vuto la m'maganizo lobwera munthu atakumana ndi zoopsa) linalowa m'buku la madokotala a matenda a maganizo a ku America mu 1980, nkhondo ya ku Vietnam itatha. Dzina limeneli lisiyeni momwemo polemba za chipatala, koma polankhula ndi anthu anu gwiritsani ntchito mawu amene iwo angawamve mumtima.

Funso: Wina amalemba kuti ndinaona, wina ndidaona, ndipo ena amasakaniza Chingerezi ndi kuiwala zizindikiro za m'kalembedwe. Kodi ndiziwakonzera?

Yankho: Ngakhale ntchito yanga ya tsiku ndi tsiku ndi yowongola kalembedwe, pano ndikupemphani ndi mtima wonse kuti cholembera chofiira muchisiye. Ndinaona ndi ndidaona onse ndi Chichewa chomveka, ndipo nkhani ya mawu awiriwa ithere pomwepo. Njira yolemba zakukhosi imeneyi inatchuka ndi kafukufuku amene James Pennebaker ndi Sandra Beall, ofufuza za maganizo a anthu, anasindikiza mu 1986, pamene ophunzira a pasukulu ya ukachenjede ankalemba kwa mphindi 15 tsiku lililonse kwa masiku anayi otsatizana za chinthu chowawa chimene chinawachitikira. Malangizo a njirayi amanena poyera kuti wolemba asadere nkhawa malamulo a chiyankhulo kapena kalembedwe ka mawu. Munthu amene wasunga chinthu kukhosi zaka zambiri, mukamuuza kuti waiwala mpumiro, mawa sabweranso ndi pepala.

Ngati mwini wake walola kuti muwerenge, pali zina zofunika kuzitchera khutu kuposa zolakwikazo. Pennebaker ndi anzake anapeza pambuyo pake kuti amene ankapindula kwambiri ndi aja amene, masiku akamapita, ankachulukitsa mawu osonyeza chifukwa ndi kuzindikira. M'Chichewa amenewa ndi mawu monga chifukwa, n'chifukwa chake, ndazindikira, tsopano ndamvetsa. Tsiku loyamba wozimitsa moto angalembe zidutswa zokhazokha, kuti utsi unali tolo, m'nyumba munali bii, kenaka kunangoti zii. Mawu otere musawaone ngati Chichewa chachibwana, pakuti amanyamula phokoso, mdima ndi bata la tsikulo kuposa chiganizo chachitali. Koma tsiku lachinayi mukaona kuti walemba kuti sanalowenso chifukwa denga linali litayamba kugwa, dziwani kuti zidutswa zija zayamba kulumikizana kukhala nkhani.

Pali chinanso chimene chiyankhulo chathu chimatipatsa, ndipo chimandikhudza nthawi zonse ndikachiganizira. Taonani kusiyana kwa ndinalephera kumupulumutsa ndi zinakanika kumupulumutsa. Chiganizo choyamba chimasenzetsa wolembayo mlandu wonse, pamene chachiwiri chimavomereza kuti panali zinthu zoposa mphamvu zake. N'chimodzimodzi ndi kuswa, kuswedwa ndi kusweka: woswa alipo, woswedwa ali ndi amene anamuswa, koma chosweka sichiloza munthu chala. Woyendetsa ambulansi amene wodwala anamutsirizikira m'njira nthawi zambiri amayamba ndi ndinachedwa, ndinalephera, ndinamutaya. Inu musamusinthire mawuwo, chifukwa mukatero mwamulanda nkhani yake, komanso pali nthawi zina pamene munthu amafunikadi kunena kuti ndinalakwa. Chimene mungachite ndi kumufunsa modekha ngati angalembenso za tsiku lomwelo mmene mnzake amene anali naye m'galimotomo akanalifotokozera, ndipo kawirikawiri mawu akuti zinakanika amatuluka okha m'cholembera chake.

Dziwaninso kuti ambiri amamva chisoni akangomaliza kulemba, ndipo chimenechi chimaphwa pakapita kanthawi. Koma mukaona wina akulephera kugona masiku ambiri, akumwa mowa mopitirira muyeso kapena akulemba mawu onga akuti kuli bwino ndingochoka, mawu amenewo muwamve monga momwe alili, osati ngati luso la kalembedwe, ndipo mumuperekeze tsiku lomwelo kwa dokotala kapena mlangizi wa za maganizo.